Baji yakumbuyo si giredi ya galimoto, tiziwerenga nambala tisanalipire

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira mwezi watha, nkhani ya magalimoto awa anyamata ngakhalenso azibambo akuwakonda masiku ano, ma saluni othamanga monga Mark X, Altezza, Legacy B4, BMW 3 Series ndi ma Benz a C-Class. Ine ndine makaniko kuno ku Lilongwe, komanso nthawi zina anthu amandituma ku Dar es Salaam kukawatengera galimoto nkuiyendetsa kudzera pa Songwe, Karonga, kukwera Chiweta mpaka kuno, nde zomwe ndikulembazi ndimaziona ndi maso anga ndipo ndimazigwira ndi manja.

Mlamu wanga, amuna a mchemwali wanga wamng'ono, akhala akusunga ndalama zaka zitatu, mpaka ku banki mkhonde analowa, cholinga chawo chimodzi basi, Mark X. Anaiona pa Facebook, yakuda bii yonyezimira, kumbuyo baji ya 350S, ma rimu a mainchesi 18, kasipoila pa buti, wogulitsa atalemba kuti fulu hausi. Ine sanandiuze chifukwa amafuna andidzidzimutse. Loweruka lina mmawa ndinangomva hutala pa geti, kutuluka ndikupeza alamu ayima pambali pake makiyi kumanja nkhope ili mwee, ana akuzungulira galimoto. Ndinasangalala nawo zoona. Koma nditangokhala pampando wa dalaivala dzanja langa linapita mmbali kufuna batani losunthira mpando, ndikupeza palibe, mpando ndi wokoka ndi chitsulo cha pansi. Chiwongolero chopanda chikopa, kuseri kwake kulibe timapiko tija tosinthira magiya ndi zala. Ndinatsika nkugwada kuwerenga kachikwangwani ka fakitale kaja kamakhala pa thupi la galimoto, palembedwa GRX130, injini 4GR-FSE. Mtima wanga unangoti zii. 350S yeniyeni nambala yake imayamba ndi GRX133 ndipo injini yake ndi 2GR-FSE ya malita 3.5. Iyi inali 250G ya 2.5, komanso poona zamkatimo inali ya F package, yomwe ndi yotsikitsitsa pa ma Mark X onse a mtundu umenewo. Munthu wina anangogula baji, ma rimu ndi sipoila nkuiveka, mtengo nkukwera. Ndinasowa poyambira kuwauza alamu.

Nde chomwe ndikufuna owerenga amvetse ndi ichi, dzina la galimoto ngati Mark X ndi dzina la banja chabe, mkati mwa banjalo muli ana osiyana kwambiri. A ku Japan amati giredi, a ku Ulaya ndi ku America amati tirimu, zonsezi ndi chinthu chimodzi, kutanthauza mlingo womwe fakitale inaipangira galimotoyo, injini yanji, mipando yanji, ma shoko anji, magetsi anji. Pamwamba pa giredi pamabwera pakeji, gulu la zinthu zomangidwa pamodzi nkupatsidwa dzina. Kenako pali ma opushoni, zinthu zomwe mwini wake woyamba anasankha chimodzichimodzi pogula ili yatsopano. Ndipo apa pali posokoneza anthu ambiri, sikuti pakeji iliyonse ndi yowonjezera ayi. Anthu akamva kuti F package amaganiza kuti F akuimira fulu, ndawamvapo ogulitsa akunena zimenezo poyera, pomwe pa Mark X F package ndi yochotsera zinthu kuti mtengo utsike, ma rimu achitsulo okhala ndi makapu, mipando yokoka pamanja. Yomwe ili ya masewera ndi S package, ndipo yomwe ili ndi zofewetsa moyo mkati pa mtundu woyamba uja inali L package.

Ndikhalitse pang'ono pa Mark X popeza ndi yomwe yadzadza mmisewu yathu. Mtundu woyamba unatuluka mu 2004 mpaka 2009, uwu nambala zake ndi GRX120 ya 2.5, GRX121 ya 3.0 yomwe ndi 300G, ndi GRX125 yomwe ndi 250G Four yokoka mawilo onse anayi. Mtundu wachiwiri unayamba 2009 mpaka Toyota anasiya kuipanga kumapeto kwa 2019, GRX130 ya 2.5, GRX133 ya 3.5 ndi GRX135 ya mawilo anayi. Zonse kupatula za Four zimakankha ndi mawilo akumbuyo, nchifukwa chake imakoma pa kona komanso nchifukwa chake imavina pamatope nthawi ya dzinja. Pa mtundu wachiwiriwu 250G ili ndi mphamvu ya injini ya hosipawa 203 pa muyezo wa ku Japan pomwe 350S ili ndi 318, kusiyana kwake si kwamasewera, ukaponda pokwera phiri thupi limadziwa lokha. Ndipo pali chinthu china chomwe anthu sachidziwa, 2.5 ya mtundu woyamba inali ndi hosipawa 215 koma inapangidwira petulo wa octane yokwera uja a ku Japan amagula padera, pomwe pa mtundu wachiwiri anaisintha kuti izimwa petulo wamba. 3.5 ija imafunabe wa octane yokwera. Kuno pa filing'i sitesheni petulo ndi wa mtundu umodzi basi, wosakaniza ndi ethanol, sufunsidwa kuti mukufuna uti. Ganizirani zimenezo musanathamangire nambala yaikulu pa baji.

Palinso G's yomwe inabwera 2012 ndi GR Sport ya 2017, izi ndi zomwe Toyota yokha inazikonza mwamasewera, bampala yake yosiyana, galimoto yotsika, ma rimu a 19. Ndipo pali GRMN ya giya ya pamanja yomwe mu 2015 anangopanga 100 zokha, nde wina akadzakuuzani pa WhatsApp kuti ali nayo pa mtengo wa 250G musachedwe naye. Bampala ya G's imagulidwa payokha ndipo imamangika pa Mark X wamba, ineyo ndamangapo ziwiri pa galaja makasitomala atandipempha, palibe cholakwika munthu kukongoletsa galimoto yake, cholakwika chimabwera tsiku logulitsa akamanena kuti inabadwa choncho.

Chaka nachonso chimasintha zinthu olo giredi ikhale yomweyo. Mark X anaikonza nkhope mu 2012 kenako 2016, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2016 anaika Toyota Safety Sense, kamera pa windisikilini ndi rada kutsogolo zothandiza kuponda buleki pakakhala ngozi. Ndi chinthu chabwino kwambiri, koma dziwani kuti mwala ukaswa galasi limenelo kapena mukagunda mbuzi giliyo nkuphwanyika, kukonza kwake sikofanana ndi ya 2010.

Altezza nayo anyamata amaikonda koma ambiri sadziwa kuti ndi magalimoto awiri mu thupi limodzi. Inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005. AS200 nambala yake GXE10, injini 1G-FE ya masilinda sikisi, hosipawa 160, yofatsa. RS200 nambala yake SXE10, injini 3S-GE ya masilinda folo koma hosipawa 210 ikakhala ya giya ya pamanja, iyi ndi ija imakuwa ikafika ma revu apamwamba. Zonse ndi 2.0, pa bulu buku zimaoneka ngati zofanana. Subaru nde imavuta kuposa pamenepa chifukwa Legacy B4 ya 2003 mpaka 2009 nambala BL5 imakhala pa 2.0i wamba, pa 2.0R ngakhalenso pa 2.0GT ya turbo, nde apa nambala yoyambirira yokha siikuthandizani, muyenera kutsegula boneti nkuona ngati pamwamba pa injini pali intakula, chipangizo choziziritsa mpweya wa turbo, pansi pa kamphuno ka pa boneti. Boneti ya kamphuno imasinthika, intakula ndi turbo sizinama.

Tibwere kwa a ku Germany, kuno nde anthu akulira kwambiri. Chilembo M pa BMW chasokoneza mitu. Tengani 3 Series ya F30, ija inayamba 2012. 320i wamba ili ndi hosipawa 184. 320i M Sport ili ndi hosipawa 184 yomweyo, injini ndi imodzimodzi, palibe chawonjezeka olo pang'ono. Chomwe M Sport imakupatsani ndi mabampala ena, mipando yogwira mnthiti, chiwongolero chonenepa, ma rimu akulu ndi ma shoko olimba omwe amaitsitsa galimoto ndi mamilimita 10. Ukafuna mphamvu umapita pa 328i ya 245 kapena 335i ya 306, ndipo M3 yeniyeni ya nthawi imeneyo ili ndi 431, ndi galimoto ina kotheratu, mtengo wakenso wina. Chimodzimodzi Benz, C200 ya AMG Line ndi C200 yovala malaya a AMG, pomwe C63 ya zaka zimenezo ili ndi injini ya V8 pansi pa boneti. Audi nayo S line si S4, Lexus F Sport si IS F, ndipo IS250 injini yake ndi 4GR-FSE yomwe ija ili mu Mark X ya alamu anga. Sindikunena kuti ma pakeji amenewa ndi achinyengo, ayi, mipando ya M Sport ndi yabwino zedi pa ulendo wautali, koma munthu adziwe kuti akulipira maonekedwe ndi kagwiridwe ka msewu, osati liwiro.

Abale athu ali ku Joni amazidziwa bwino izi chifukwa 3 Series inkapangidwa konko ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria mpaka 2018, ndipo C-Class amapanga ku East London. Magalimoto a ku Germany mwini woyamba amasankha zinthu chimodzichimodzi, nde mutha kuimika ma 320i awiri a chaka chimodzi mtundu umodzi, ina ili ndi kamera yobwerera mmbuyo, magetsi a xenon ndi sanirufu, inayo ilibe chilichonse. Ubwino wake ndi woti zonse zinalembedwa. BMW ili ndi VIN, nambala yozindikiritsa galimoto, ya zilembo ndi manambala 17, mukailowetsa pa masamba a pa intaneti omasulira VIN imakutulutsirani mndandanda wa zonse zomwe inatuluka nazo mu fakitale, kodi ya 337 ndiyo pakeji ya M Sport, 704 ndiyo ma shoko a M Sport. Ngati 337 palibe koma galimoto yadzadza timabaji ta M mpaka pa mavavu a matayala, mwadziwa kale. Audi imakhala ndi sitika mu buti kufupi ndi malo a sipeya ndi mu buku la sevisi yolembedwa makodi ake. Za ku Japan zopangidwira msika wa konko sizikhala ndi VIN ya 17, zimakhala ndi nambala ya chasisi yaifupi, koma kachikwangwani kaja kamakhala ndi kodi yonse ya modelo, injini, kala ya penti ndi ya mipando.

Mawu oti giredi amasokonezanso pena. Wogulitsa akati iyi ndi giredi 4.5 sakunena za 250G kapena 350S, akunena malikisi omwe woyendera pa okushoni ku Japan anaipatsa poona mmene yasungidwira, 4.5 ndi yabwino, 3.5 yatopako, R kutanthauza kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa, ndipo mkati amapereka A, B kapena C. Pepala la okushoni limenelo ndi lofunika kulipempha chifukwa pamwamba pake pamalembedwanso giredi yeniyeni ya modelo ndi zomwe ilinazo, SR ndi sanirufu, AW ndi ma rimu a aluminiyamu. Ngati pepala likuti inalibe AW koma pa yadi yaima ndi ma 18, ndiye kuti avekedwa mnjira. Ku Japan amasiyanitsanso opushoni ya fakitale ndi ya dila. Ya fakitale ngati sanirufu, mipando yachikopa kapena ma eyabagi owonjezera siungaike galimoto itatuluka kale, ya dila ngati wailesi, makapeti ndi ma sipoila a Modellista kapena TRD aliyense atha kumanga tsiku lililonse. Nde ndalama zanu ziziyang'ana za fakitale.

Tsopano ndinene maganizo anga ngati munthu amene amagona pansi pa magalimoto amenewa tsiku ndi tsiku. Giredi yapamwamba ya masewera inapangidwira misewu yosalala, ife misewu yathu mukuidziwa, maenje, mahampu osalembedwa penti, mphepete mwa tala modyeka, komanso tonse tili ndi kumudzi komwe timayenera kukafika pakagwa zovuta. Taonani nkhani ya matayala yokha. 250G imabwera ndi 215/60R16, kutanthauza kuti mphira wa mmbali kuchoka pa rimu kufika pansi ndi mamilimita 129. Tayala la 350S la 235/45R18 ndi pafupifupi 106, la 19 lija la 245/40 ndi 98 basi. Mphira umenewo ndi womwe umameza dzenje. Ukachepa, dzenje limafika pa rimu, rimu ikupindika kapena kung'aluka, tayala likutupa chotupa mmbali, mabushi ndi ma bolojointi akutha msanga. Pa galaja pathu sabata siitha osabwera munthu ndi rimu ya 18 yoti tikawotcherere. BMW ya M Sport nthawi zambiri matayala akumbuyo amakhala otambalala kuposa akutsogolo, 225 kutsogolo 255 kumbuyo, nde sungawasinthanitse kuti athe mofanana, komanso ndi ma run-flat, matayala otha kuyendako pang'ono olo ataphwa, nde mu buti mulibe sipeya. Likaphulika uli pakati pa Jenda ndi Kasungu usiku, saizi imeneyo suipeza pa tireding'i senta.

Ma shoko nawo, S package ndi 350S zili ndi AVS, ma shoko amagetsi omwe amalimba kapena kufewa ukadina batani. Akakhala amoyo ndi okoma kwabasi. Koma galimoto yomwe tikugula ife yayenda kale zaka khumi kapena kuposa, ma shoko amenewo ali kumapeto, ndipo akatha mtengo wake si wa shoko wamba, ku Biwi suwapeza msanga. Ambiri amangoika wamba, nde pakeji yomwe analipira ija yatha pomwepo, latsala batani lokha. Onjezani msonkho, a MRA amawerengera potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, nde 3.5 imakulumani pa boda, ikukulumaninso pa pampu mwezi ndi mwezi, komanso mmene mafuta amasowera muno nthawi zina munthu wa V6 yaikulu amamva kuwawa kawiri.

Palinso ma opushoni ena omwe ku Japan anali a ndalama zambiri koma akangotsika sitima pa Dar amasanduka zokongoletsa. Sikilini ya navigeshoni ili mu Chijapani ndipo mapu ake ndi a konko, TV yake siigwira kuno, wailesi imayambira 76 kulekeza 90 pomwe masiteshoni athu ambiri ali pamwamba pa 90 nde mpaka uike kachida kowonjezera. Mayi uja amayankhula ukaliza galimoto ndi kamakina ka ETC kolipirira misewu ya kwawo. Ina imabwera ndi pakeji ya kumalo ozizira ngati Hokkaido, zotenthetsa galasi kuti chipale chisungunuke, ku Nsanje kapena ku Salima uzitani nazo, bola batire yake imakhala yaikulu. Ndipo galimoto yochokera kumalo a chipale muziyang'ana kunsi kwake, mchere womwe amathira mmisewu umadyetsa dzimbiri. Zonsezi wogulitsa amaziwerengera mu fulu hausi muja. Sanirufu nayo timapaipi take totulutsa madzi tikatsekeka ndi fumbi lathuli, mvula yoyamba madzi amatsikira mu kapeti mpaka kukafika ku mawaya.

Zomwe ine ndimawauza anthu kuti izi nde lipirani ndi zoteteza moyo, ma eyabagi a mmbali ndi a makatani, VSC yothandiza galimoto ikayamba kutaya kumbuyo pa msewu wonyowa, magetsi owala bwino popeza usiku mmisewu yathu muli njinga za kabaza zopanda nyali ndi anthu oyenda pansi, kamera yobwerera mmbuyo chifukwa cha ana pakhomo. Izi siziwoneka pa chithunzi cha pa Facebook nchifukwa chake palibe amazifunsa, aliyense amafunsa ma rimu.

Sindikuletsa munthu kugula 350S kapena M Sport, amene ndalama ali nazo, amayenda mtauni ndi pa M1 ndipo akudziwa chomwe akulowa agule, ndi magalimoto okoma ndipo inenso ndimawasilira. Chomwe chikundiwawa ndi munthu kulipira mtengo wa giredi ina nkupatsidwa ina, ndalama yoti anaivutikira zaka. Pempho langa kwa ogulitsa, a mmayadi, ma ejenti ndi madobadoba omwe, lembani giredi yeniyeni ndi zilembo zoyambirira za chasisi pa malonda anu, ngati mwaika ma rimu kapena bampala nenani kuti izi taika tokha, kasitomala adzabweranso mawa ndi mnzake. Kwa inu a nyuzipepala, pa tsamba lanu la malonda a magalimoto bwanji muziwapempha otsatsa kuti aziika zimenezi, komanso mutatipatsako kadanga kamodzi pamwezi amakaniko tizifotokoza zinthu ngati izi mu Chichewa, chifukwa zambiri zolembedwa za magalimoto zili mu Chingerezi ndi Chijapani pomwe ogula ambiri ndi ife tomwe. Ndipo kwa ogula, musanatumize olo dipoziti pemphani chithunzi cha kachikwangwani ka fakitale, chithunzi cha injini, cha chiwongolero ndi mabatani a pakati, pepala la okushoni ngati lilipo, mukatero mumuonetse makaniko amene mumamukhulupirira. Wogulitsa akayamba kuzemba kuti netiweki ikuvuta kapena galimoto ili ndi bwana, dikirani.

Za alamu anga, tinapita limodzi kwa wogulitsa uja, anakana kuti iyenso anaigula choncho ndipo pa pepala la mgwirizano anangolemba kuti Toyota Mark X basi, giredi sanatchule, nde tinasowa pogwira. Atakambirana kwa nthawi yaitali anabweza kandalama kochepa kwambiri. Galimotoyo payokha ilibe vuto, injini ili bwino, giyabokosi ikusintha bwino, ndipo ndawauza alamu kuti pa ulendo wawo wa ku Mchinji mwezi ndi mwezi 2.5 yomwa petulo wamba iwasunga kuposa mmene 3.5 ikanachitira. Sabata yatha tinachotsa ma 18 aja omwe imodzi inali itayamba kale kutaya mpweya, tinawagulitsa nkugula ma 16 a aluminiyamu ndi matayala anayi atsopano. Baji ya 350S anaimatula okha ndi ulusi wa wedza ndi madzi otentha, yasiya kachizindikiro pa penti komwe tikufuna tikapolishe Loweruka likubwerali.

Ndine wowerenga wanu,
Makaniko wa ku Lilongwe